Pakhonde pa Azakhali: Nsomba Zanga Zikumenyana m'Galasi

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 29, ndimagwira ntchito pa ofesi ina ku City Centre ndipo ndimachita lendi ku Area 47. Mwezi wathawu abwana anatiitana kunyumba kwawo ku Area 43. Pabalaza pawo pali thanki yagalasi yowala bwino, nsomba zikungoyendayenda mwakachetechete, moti ine nkhani zonse za pamenepo sindinazimve, maso anali pagalasi basi. Malipiro atangolowa ndinagula thanki ya malita 40, ndinathiramo madzi a pampopi, tsiku lomwelo n'kuikamo ma guppy 8 ndi goldfish imodzi. Loweruka lotsatira mnzanga wina wochokera ku Senga Bay anandibweretsera mbuna zitatu m'chigubu, ziwiri zabuluu ndi imodzi yachikasu ya mizere yakuda. Azakhali, m'nyumba mwanga muli nkhondo. Ma guppy michira yatha kudyedwa, atatu afa kale, goldfish yangokhala pakona, madzi achita mbuu. Chibwenzi changa chikuti ndikuseweretsa ndalama ya chinkhoswe. Ine ndikungofuna nsomba zokhala mwamtendere. Ndisankhe ziti?

Ine mwana wanu,
Wosowa Tulo, Area 47

Mwana wa achimwene anga,

Kalata yako yandiseketsa mpaka misozi, kenako yandimvetsa chisoni, koma chisonicho n'cha tinsomba tatsala ndi timichira tong'ambikato, iwe ayi. Ndiyambe ndafunsa: Area 47 yake iti? Ya mipanda ya njerwa ndi agalu odya nyama ija, kapena ya kumapeto ija yoti ukayetsemula a ku Mtandire amakuyankha? Ndafunsa dala, chifukwa thanki ya malita 40 ikundinong'oneza kuti uli ku boyizikota. Palibe chochititsa manyazi, ambiri anayambira konko. Chimene chandikwiyitsa n'choti unakhala pabalaza pa abwana madzulo onse, n'kudya nyama yawo, koma osawafunsa ngakhale funso limodzi la nsombazo. Safunsa anadya phula.

Bata limene unaliona ku Area 43 lija linachita kukonzedwa. Wina anakhala pansi n'kuganiza kuti iyi ingakhale ndi iyi, koma iyo isayandikire n'komwe. Kuyambira tsiku lomwe unathira madzi m'galasimo unasanduka landilodi wa mdadada wa mpopi umodzi ndi bafa limodzi, ndipo alendi ako sangasamuke usiku pa kabaza zinthu zikavuta. Landilodi wanzeru asanapereke kiyi amafufuza khalidwe la munthuyo, amafunsanso kuti banjalo lidzakula mpaka pati. Iwe unangoyang'ana malaya.

Tiyambe ndi zigawenga zakozo. Mbuna ndi zathu, ndipo ndimazinyadira kuposa mmene ndimanyadira ana ena a m'banja mwathu muno. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere: akatswiri amawerenga mitundu yoposa 700 ya banja la chambo ndi mbuna, ena amati ingafike 1,000, ndipo pafupifupi yonseyo sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Ku Senga Bay komwe kwachokera chigubu chakocho, pa Kambiri Point, malemu Stuart Grant anakhala akutumiza nsombazi zamoyo pa ndege kupita ku Ulaya ndi ku America kuyambira m'zaka za m'ma 1970 mpaka imfa yawo mu 2007, moti mtundu wina unapatsidwa dzina lawo, Aulonocara stuartgranti. Ku Germany kuli anthu oti sangakulozere Lilongwe pa mapu, koma miyala ya ku Likoma ndi ku Chizumulu amaitchula ngati mchombo wawo unagwera konko. Ife kuno tikaona nsomba, funso limakhala limodzi: tomato alipo?

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ukadzapita kunyanja ubwereke galasi la m'maso lija la osambira, ulowetse nkhope m'madzi pamene pali miyala. Udzaona kuti yaimuna iliyonse ili ndi mwala wake. Imapala ndere pamwalapo ndi timano tating'onoting'ono, n'kumazungulira ngati ikulondera, ndipo ina ikangodutsa pafupi imaithamangitsa zipsepse itatambasula. Zikakumana zamphamvu zofanana zimalumana milomo n'kumakankhana mpaka ina itagonja. Kunyanja yogonjayo imathawira ku mwala wina, nkhani n'kuthera pomwepo. M'galasi mwako ithawira kuti? Imakagunda pakona n'kubwerera kwa yomwe ikuimenyayo, m'mawa, masana ndi usiku womwe. Yachikasu ya mizere yakuda yoyenda chautali ija ikumveka ngati Melanochromis auratus, imodzi mwa mbuna zolusa kwambiri. Ikakhala yaimuna, pokula idzada thupi, ukali n'kuwonjezeka. Ndiye iwe unaiikira ma guppy, tinsomba toyenda mwamatama titakoka michira yaitali yamawangamawanga. Unkayembekezera kuti iwapatsa moni?

Ndisazinamizire zoipa zokhazokha. Yaikazi ikaikira mazira imawatola n'kuwasunga m'kamwa pafupifupi milungu 3, osadya kanthu, kukhosi kutatupa, mpaka tiana titaswa n'kuyamba kusambira tokha. Chambo chimateronso. Zoterezi ukhoza kudzaziona pabalaza pako tsiku lina, koma mbuna zimafuna thanki yawoyawo ya malita 200 kapena kuposa, yotalika masentimita 120, pansi mchenga, miyala yambiri yosanjikiza kuti pakhale mapanga obisalamo. Yaimuna imodzi imafuna zazikazi zitatu kapena zinayi, kuti ikamavutitsa isamavutitse imodzi yokha. Usatengerepo phunziro la banja pamenepa, ndakudziwa. Woyamba kumene amayambira Labidochromis caeruleus, yachikasu chowala ija ya ku Lion's Cove kumpoto kwa Nkhata Bay, chifukwa mwa mbuna zonse imeneyo ndiyo ili ndi kaulemu. Pansi ukhoza kuikapo nkholokolo, n'zakunyanja komweko ndipo zimadziteteza zokha. Zomera usataye ndalama, mbuna zimazula. Chakudya chake chikhale cha zamasamba, chifukwa matumbo ake anazolowera ndere, ndipo ukazikhutitsa zanyama zimatupa mimba n'kufa ndi nthenda imene oweta nsomba dziko lonse amaitcha Malawi bloat. Taona, mayiko ena amatchuka ndi magalimoto. Ngakhale utachita zonsezi molondola, m'thanki ya mbuna mumakhala kuthamangitsana tsiku lonse. N'kokoma kuonera, koma iwe wapempha mtendere.

Ndiye usiku uno womwe, usanagone, chotsa mbunazo uziike m'ndowa yaikulu yatsopano yomwe sinaonepo sopo, muli pampu ya mpweya, pamwamba utavindikira chifukwa zimadumpha. Mawa uyambe kufunafuna munthu wa thanki ya mbuna woti umupatse. Kunyanja usazibwezere, zakhala kale ndi nsomba zachilendo ndipo zingatengere matenda kumeneko. Mnzako wa chigubuyo umufunse kumene anazigwira, chifukwa zilumba za Maleri zomwe zili kufupi ndi Senga Bay ndi mbali ya paki ija, ndipo kugwira nsomba m'malo otetezedwa ndi mlandu. Ine ku polisi ya Area 3 ndilibe nsapato zopitira kukakuona.

Goldfish nayo ituluke. Imeneyo ndi ya madzi ozizira, imakula kupitirira masentimita 20, ndipo imadya n'kumachita chimbudzi mosalekeza, moti yokhayo ikhoza kuipitsa malita ako 40. Anthu amaiika m'kambale kagalasi kozungulira chifukwa anaona m'filimu, n'kumadabwa ikafa. Ipatse wina wa kadamu ka pabwalo kotchingidwa bwino, a ku Area 10 ndi Area 12 ena ali nato.

Za mayi wa chinkhosweyo, ndili mbali yake. Wawerengera bwino, chifukwa nsombayo ndiyo yotchipa pa zonse. Ndalama imathera ku thanki, fyuluta, hita, chakudya ndi mayunitsi a magetsi. Walira mvula walira matope. Khala naye pansi umuonetse mtengo wonse, osati kumubisira malisiti m'thumba la jekete ngati mmene ankachitira amalume ako ena. Akavomera, mutenge kuti akasankhe nawo. Akakana, galasilo silithawa, lidikire chinkhoswe chidutse.

Tsopano madzi achita mbuuwo. Ma guppy afawo si onse anaphedwa ndi mbuna, ena unawapha ndiwe ndi changu chako. Madzi a Lilongwe Water Board amachokera mu mtsinje wa Lilongwe, kudzera m'madamu a Kamuzu ku Malingunde, ndipo amathiridwa klorini kuti iwe ndi ine tisadwale kolera. Kwa ife ndi chitetezo, kwa nsomba ndi poizoni. Gula mankhwala a madontho ochotsa klorini, kabotolo kamodzi kamakhalitsa. Akasowa, tunga madzi m'ndowa uwasiye osavindikira tsiku lathunthu kapena kuposa, pampu ya mpweya ikuwira m'menemo. Ngati pamalo panu pali mjigo, klorini mulibe, komabe uwayeze kaye ndi timapepala toyezera madzi, chifukwa madzi a pansi pa nthaka ena amakhala ndi miyala yambiri yosungunuka.

Chachiwiri n'chomwe anthu ambiri sakhulupirira chifukwa sichioneka. Nsomba imatulutsa amoniya m'madzi momwe ikupumamo. M'thanki yokhazikika mumakhala mabakiteriya abwino, makamaka m'siponji ya fyuluta, amene amasintha amoniyayo kukhala nitrite, yomwenso ndi poizoni, kenako ena n'kuisintha kukhala nitrate, yomwe siipa msanga ndipo umaichepetsa posintha madzi. M'thanki yatsopano mabakiteriyawa mulibe, ndipo kuti achulukane pamatenga milungu 4 mpaka 6. Iwe unathira madzi m'mawa, madzulo nsomba 9 zili m'katimo. Thanki imayenera kuyamba yayenda yopanda nsomba, fyuluta ikulira, iwe n'kumaponyamo kachakudya pang'ono masiku ena kuti mabakiteriya apeze chodya, mpaka choyezera chitaonetsa kuti amoniya ndi nitrite zili pa 0. Njira yachidule ilipo, ndipo ikudutsa kwa abwana ako omwewo. Uwapemphe kachidutswa ka siponji yakale ya m'fyuluta yawo, yakuda yonyansayo, ubwere nayo ili m'madzi a m'thanki mwawo, uiike m'fyuluta yako. Adzakupatsa mosavuta kusiyana ndi kukukweza malipiro. Poti ma guppy asanu alipo kale, uziwasinthira madzi pang'ono tsiku ndi tsiku mpaka zinthu zikhazikike.

Thankiyo yachepa. Anthu amaganiza kuti yaing'ono ndiyo ya ophunzira, chonsecho madzi ochepa amaipa msanga, amazizira msanga, amatenthanso msanga. Funa ya malita 80 mpaka 100, yaitali chopingasa osati chokwera. Tchera khutu kwa anthu a m'mabungwe ndi a ku maofesi a akazembe amene kontirakiti yatha, pochoka amagulitsa katundu yense, nthawi zina thanki ndi fyuluta yake yomwe. Ya malita 40 isunge, idzakhala chipatala cha yodwala ndi malo oyamba kusungiramo zatsopano. Ukumbukire kuti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye ukaphatikiza galasi, mchenga ndi miyala, thanki ya malita 100 imalemera pafupifupi matumba awiri ndi theka a chimanga. Kashelefu ka TV kaja sikangapirire. Pita kwa owotcherera akupangire choikapo chachitsulo, kapena kwa akalipentala a ku Mchesi uwauze kulemera kwake mosabisa. Uiike kutali ndi zenera, dzuwa likamaomba madzi amabiriwira ndi ndere.

Usananyengedwe ndi mawu oti Malawi ndi dziko lotentha, kumbuka kuti Lilongwe si Salima. Tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, ndipo mu June ndi July usiku kumazizira mpaka kutsika madigiri 10. Nsomba za kotentha zimafuna madigiri 24 mpaka 26 osasinthasintha. Hita ya mawati 100 ikwanira thanki yakoyo, pamodzi ndi themometa yomata pagalasi. Vuto ndi lomwe ukulidziwa: magetsi. Sunaiwale 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu January, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka nthawi imodzi, tonse n'kusanduka akatswiri a makandulo. Magetsi akazima, hita imazima, fyuluta imaima, mpweya m'madzi umayamba kuchepa. Choyamba kugula chikhale kapampu ka mpweya koyendera mabatire kapena power bank. Ukakasowa, tunga madzi a m'thanki momwemo ndi kapu, uwathire kuchokera m'mwamba kangapo, pakapita kanthawi ubwerezenso. Kukamazizira funditsa thankiyo bulangete, ngakhale lako lomwe, iwe ugone ndi jekete. Ndipo magetsi akazima usazidyetse, nsomba yokhuta imafuna mpweya wambiri. Mu October zimatembenuka: madzi otentha sasunga mpweya wokwanira, ndiye zimitsa nyale ya m'thanki, tsegula chivindikiro pang'ono.

N'chifukwa cha kuzizira ndi magetsi komweku kuti ine sindikusankhira nsomba za m'zithunzi zokongola, ndikusankhira zopirira. Yoyamba ndi zebra danio, kansomba ka ku India ndi Bangladesh ka mizere yabuluu ndi yoyera, kotalika masentimita 5 basi. Kamapirira madzi akatsika mpaka madigiri 18, kamadya chilichonse, kamakonda kuthamanga cha pamwamba. Ugule 6 kapena 8 nthawi imodzi. Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwira, amagula imodzi ya mtundu uwu, imodzi ya mtundu uwo, kuti m'galasi mukhale mitundu yambiri. Nsomba yozolowera kuyenda pagulu ikakhala yokha imachita mantha, imabisala, mwinanso n'kuyamba kuluma zinzake. Zikakhala zambiri zimatanganidwa zokhazokha, zina zonse n'kupuma.

Pakati pa madzi uikepo ma platy, a ku Mexico ndi mayiko oyandikana nawo. Alipo ofiira, achikasu, amawangamawanga, ndiye njala yako ya mitundu ithera pamenepo. Ndi ofatsa, ndipo madzi okhala ndi miyala yosungunuka pang'ono amawakonda. Yaimuna imodzi, zazikazi ziwiri kapena zitatu. Koma dziwa kuti platy ndi guppy siziikira mazira, zimabereka tiana tamoyo, pafupifupi mwezi ndi mwezi, nthawi zina 20 kapena 40 pa ulendo umodzi. Tina timadyedwa ndi makolo ake omwe, koma totsala timakwana kukudzazira thanki chaka chisanathe. Ukafuna kupewa za sikelo ya ana, gula zazimuna zokhazokha. Ma guppy ako opulumukawo michira idzamera ngati madzi ali oyera. Akhoza kukhala ndi ma platy bwinobwino, ungoyang'anira ma danio kuti asayambe kuwatsina.

Pansi ndi pa ma corydoras, ndipo amenewa ndiwo ine ndimawakonda. Ndi timilamba tating'ono ta ku South America, tonenepa, ta ndevu zazifupi, tosapitirira masentimita 7. Timayenda pagulu tikufufuza mumchenga ndi ndevu zaketo, kenako kamodzi n'kuthamangira pamwamba, kumeza mpweya, n'kubwerera pansi ngati palibe chachitika. Ukadzaona zimenezo usandiimbire foni usiku, ndi chikhalidwe chake. Timafuna mchenga wosalala, chifukwa timiyala takuthwa timatha ndevu. Ugule 6, a mtundu wa bronze kapena peppered. Ogulitsa ena adzakuuza kuti ameneyu ndi wokolopa m'thanki, safuna chakudya. Bodza. Amafuna chakudya chake chomira pansi, ndipo wokolopa ndiwe.

Ma danio 6 kapena 8, ma platy 4, ma corydoras 6 ndi ma guppy akowo, thanki ya malita 100 yadzaza. Usaziike tsiku limodzi. Yamba ndi ma danio, padutse milungu iwiri, ubweretse ma platy, ma corydoras akhale omaliza.

Ndikudziwa kuti maso ako adzagwera pa neon tetra, kaja ka mzere wabuluu wowala ndi kumchira kofiira. N'kofatsa ndithu, koma n'ka ku Amazon, kozolowera madzi ofewa, ndipo m'thanki yatsopano kamafa msanga. Dikira miyezi ingapo, udzagule 8 kapena 10. Koma usadzaphatikize ndi angelfish, yooneka ngati mayi wa mvano ija, chifukwa ikakula ma neon imawameza. Tiger barb imatsina zipsepse za zinzake. Betta zazimuna ziwiri zimamenyana mpaka imfa, ndipo ngakhale imodzi ikhoza kudana ndi ma guppy ako. Pleco amagulitsidwa ali kachala, amvekere amadya ndere, koma amakula kupitirira masentimita 30. Oscar ndiye usayerekeze. Mlamba wa ku dambo, umene mwana wa aneba angakugulitse motchipa, udzadya zonse usiku umodzi n'kudumphira pansi kukafuna zina. Pa nsomba iliyonse funsa kuti ikakula imafika pati, ndipo uyang'ane kamwa lake, chifukwa chilichonse chokwana m'kamwamo tsiku lina chidzalowamo.

Wina angafunse kuti bwanji osaika matemba athu omwewa. Funsolo ndi labwino, matemba ndi ofatsa ndipo amayenda pagulu mokongola, madzi athu ndi nyengo yathu anazizolowera. Koma otengedwa mumtsinje amabwera ndi tizilombo, ndiye amayenera kukhala paokha milungu ingapo. Ndipo usatole nkhono kapena zomera za m'mphepete mwa nyanja ndi m'madambo n'kuziika m'thanki, nkhono zina n'zomwe zimasunga likodzo. Vuto lina la matemba ndi alendo. Agogo ako akadzabwera kuchokera kumudzi n'kuona matemba onenepa akusambira pabalaza iwe ukudya soya, ine sindidzakhalapo pokuyankhira.

Pogula usathamange. Ima pagalasi la wogulitsayo mphindi zingapo. Nsomba yabwino imasambira mowongoka, zipsepse zotambasuka, maso owala, mimba yosafota. Ukaona timadontho toyera pathupi ngati yawazidwa mchere, kapena ikudzikhula pamiyala, kapena muli ina yakufa ikuyandama, usagule iliyonse ya m'thanki imeneyo ngakhale akuchotsere mtengo. Mufunse wogulitsayo aziponyere chakudya uone ngati zikudya. Ukatenga, pita kunyumba molunjika, osati kuyamba wadzera ku Bwandilo jumbo ili pampando wa galimoto padzuwa. Pofika, yandamitsa jumboyo m'thanki mphindi 15 kapena 20 kuti kutentha kufanane, uzithiramo madzi a m'thanki pang'onopang'ono, kenako uchotse nsombazo ndi kaukonde. Madzi a m'jumbo asalowe m'thanki mwako.

Ndikumva kale maganizo ako akuthamangira kwa msuweni wako wa ku Joni, kuti akubweretsere zachilendo pa basi. Ulendo wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa chipata cha Dedza ndi wa masiku, zidzafika zitasanduka msuzi. Komanso lamulo la za usodzi lilipo, kulowetsa nsomba zamoyo m'dziko muno kumafuna chilolezo cha Dipatimenti ya Zausodzi. Gula zomwe zaswedwa konkuno kwa anthu odziwika.

Apa ndiye ndisiye nthabwala pang'ono. Tsiku lidzafika loti watopa nazo, kapena ma guppy achuluka, kapena akusamutsira ku Mzuzu. Usadzatenge ndowa n'kukakhuthulira mu Lingadzi kapena m'ngalande poganiza kuti ukuzichitira chifundo. Lingadzi amathira mu Lilongwe, Lilongwe amathira mu Linthipe, Linthipe amakathira m'nyanja ku Salima, pafupi ndi kwawo kwa mbuna zomwe zija. A ku Nyanja ya Victoria anaikamo Nile perch m'zaka za m'ma 1950, ndipo pofika m'ma 1980 mitundu ya nsomba zawo pafupifupi 200 inali itasowa. Namasupuni amene amatseka Shire n'kumavutitsa makina a magetsi ku Nkula kwawo ndi ku South America, anafalikira m'mayiko chifukwa anthu ankakonda duwa lake. Nyanja yathu ili kale ndi mavuto ake, mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zotsala pang'ono kutheratu. Nsomba yosaifuna ipatse mnzako, ibwezere kwa wogulitsa, kapena ukaipereke ku sukulu yomwe ili ndi thanki. Zomera za m'thanki uziumitse padzuwa usanazitaye.

Ntchito ya mlungu ndi mlungu ndi yochepa. Loweruka chotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi ndi kapaipi, ukukoka zinyalala za pansi, ubwezeremo ochotsedwa klorini ofanana kutentha. Madzi akalewo thirira maluwa kapena mpiru wa kuseri. Siponji ya fyuluta uzitsukira m'madzi omwe wachotsawo, osati pampopi, ungaphe mabakiteriya ako aja. Usadzakhuthule thanki yonse n'kuikwecha ndi sopo ngati mbale, ngakhale apongozi akubwera. Ndowa ya nsomba ilembedwe dzina, isakhudze zochapa. Ndipo mankhwala opopera udzudzu aja amapha nsomba msanga kuposa mbuna, choncho ukafuna kupopera vindikira thankiyo bwinobwino, uzimitse pampu ya mpweya kufikira fungo litatha. Koyilo ya udzudzu isayake m'chipinda chimenecho.

Kudyetsa ndi kamodzi kapena kawiri patsiku, kachakudya koti kathe m'mphindi ziwiri. Nsombazo zidzakuthamangira pagalasi nthawi iliyonse ukadutsa ngati sizinadye chaka chonse, ndi zabodza, usazimvere. Ana a alendo uwayang'anire, amaponyamo nsima, bisiketi, wina mpaka Fanta kuti nazo zimweko. Ukamapita kumudzi ku maliro kapena pa Khirisimasi, masiku atatu kapena anayi nsomba zazikulu zimakhala osadya popanda vuto. Ukakhalitsa n'kusiyira mlonda kapena aneba, usawapatse chitini chonse, chifukwa munthu wa mtima wabwino adzathira theka tsiku loyamba lomwe, iwe n'kudzapeza madzi akununkha. Kulunga chakudya cha tsiku lililonse m'kapepala kakekake, ulembepo Lolemba, Lachitatu, Lachisanu. Chitinicho ukachikiyire m'sutikesi.

Ndine,
Azakhali ako